Kabula Woonera Patali

Woitanira minibasi pa Wenela akamakuwa mayina a malo, alibe nthawi yofunsa kuti dzina la pamalo pamene waimapo linachokera kuti. Palibe chomudzudzulira. Munthu amene amadzuka mumzinda tsiku ndi tsiku amaudziwa ndi mapazi: pokwerera, potsikira, njira yachidule yowolokera Mudi, nthawi imene msewu wa ku Limbe umathinana. Funso loti depoti ya mabasi inatenga bwanji dzina la bungwe la migodi ya ku South Africa limabwera kwa munthu amene mapazi ake achotsedwa pamalopo, amene ali m'kachipinda kozizira ku Leeds kapena ku Randburg, watsegula mapu a Blantyre pafoni pakati pa usiku, n'kumalondola ndi chala msewu wochokera ku Chileka kudzera pa Kameza mpaka m'tauni. Ambiri amayesa khalidwe limeneli labwera ndi intaneti, ena amangoliseka kuti ndi kupukwa basi. Ine ndikuti ndi lakale ngati mzindawo. Kuyambira pachiyambi, Blantyre wakhala akuoneka wathunthu kwa anthu amene ali naye kutali, ndipo mbali yaikulu ya chimene lero timati kukhala wa ku Blantyre inaumbidwa kunja kwa malire a dziko lino.

Dzina lenilenilo ndi umboni woyamba. Mu 1876 amishoni a Church of Scotland anafika m'dera la mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Michiru, Ndirande ndi Soche, natcha malowo dzina la katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Apa alendowo ndiwo anali kutali ndi kwawo, ndipo anachita zimene opukwa amachita: anatenga dzina la kumudzi n'kulimata pa nthaka ya eni. Izi mwana wasukulu aliyense amazidziwa. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi munthu amene anayenda ndi Henry Henderson pofunafuna malowo, Tom Bokwito. Ali mnyamata anawomboledwa m'manja mwa ogulitsa akapolo m'masiku a Livingstone, anatengeredwa ku South Africa, nakaphunzira ku Lovedale. Pobwera ndi amishoniwo anali womasulira ndi wolondolera njira, munthu woyang'ana dziko lake ndi maso amene anaonako kwina. Tingati mtchona woyamba wa Blantyre anabwerera Blantyreyo asanakhaleko n'komwe.

Kamishoniko sikanachedwe kusanduka tauni. Mu 1878 amalonda a ku Glasgow anakhazikitsa kampani imene inadzatchedwa African Lakes, ndipo anthu ataona magalasi a John Moir akunyezimira anamutcha Mandala, dzina limene linameza kampani yonse, sitolo zake, ndi dera lomwe. Nyumba yosanja ya Mandala ya 1882 ikadalipo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu akuda, motsogozedwa ndi David Clement Scott amene sanaphunzirepo za zomangamanga. Khonsolo ya tauni inayamba m'zaka za m'ma 1890, njanji inafika mu 1908, ndipo Limbe anakula pambali pake chifukwa cha sitima ndi fodya. Blantyre ndi wamkulu kwa Johannesburg, amene anayamba mu 1886, ndi kwa Salisbury wa 1890. Koma ukulu umenewu sunapindulire eni nthaka msanga. Tauni inali ya azungu, amwenye anapatsidwa mbali yawo, ndipo munthu wakuda ankaloledwa masana ngati wantchito, usiku n'kufunsidwa chiphaso. Amtengatenga a ku Ntcheu ndi Dedza, Atonga ochokera kunyanja, Alomwe owoloka malire kuchokera ku Mozambique, onsewa ankagona m'mphepete. Ogwira ntchito m'maofesi ndi m'masitolo ankalawira m'mamawa kuchokera m'midzi yozungulira, dzuwa likapendeka n'kubwerera wapansi. Munthu wotere ukanamufunsa kwawo akanatchula mudzi ndi mfumu yake. Blantyre kunali kuntchito.

Nanga anthu akuda anayamba liti kutchedwa a ku Blantyre? Yankho lili kutsidya kwa Zambezi. Msonkho wa nyumba, thangata pa minda ya azungu ndi malipiro ochepa zinathamangitsa amuna kupita kumwera, poyamba wapansi kudzera ku Tete, kenako pa sitima ndi pa malole aulere. Komiti imene boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1935 inayerekeza kuti anthu a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, chiwerengero choposa kutali anthu onse okhala m'matauni a Blantyre, Limbe ndi Zomba panthawiyo. Tanthauzo lake n'lakuti kwa Amalawi ambiri a m'badwo umenewo, mzinda woyamba kugonamo, kulipiramo lendi, kuvinamo dansi ndi kukweramo basi unali Salisbury, imene ankaitcha Halale, kapena Bulawayo, kapena Joni. Ndipo kumeneko Ashona anawapatsa dzina: Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre. Munthu wa ku Mzimba, wa ku Dowa, wa ku Mangochi, amene mwina Blantyre anangomuona pa zenera la sitima kapena sanamuoneko n'komwe, anadzuka m'komboni ali Mubhurandaya. Mzinda umene kumudzi unkamukaniza kugonamo, kunja unakhala dzina lake la mtundu.

Pano wina aimika dzanja, ndipo ali ndi mfundo. Dzina limenelo linali lachipongwe, lonenedwa ndi kukweza mphuno, lofanana ndi mayina ena onyoza amene alendo amapatsidwa kulikonse, ndipo mpaka lero zidzukulu za matchona ku Zimbabwe zimalimva kuwawa. Komanso kutchedwa wa ku Blantyre sikudziwa Blantyre. Zonsezi n'zoona. Koma taonani chimene chipongwecho chinachita. Kumudzi, Mtonga, Mngoni, Myao ndi Mlomwe anali anthu osiyana, ena a iwo adani a dzulodzulo. M'makomboni a Harare ndi Highfield anaikidwa m'thumba limodzi, ndipo m'thumbamo anayamba kusonkherana za maliro, kupemphera pamodzi, ndi kulankhulana m'Chinyanja ngakhale amene kwawo sankachilankhula. Kusakanikirana kumeneku, kumene lero timakuona ngati mtima weniweni wa Ndirande kapena Bangwe, ambiri anakuphunzirira kunja, n'kubwera nako pamodzi ndi njinga, makina osokera ndi sutikesi yachitsulo. Wobwererayo nthawi zambiri sankafikanso kumudzi kukakhazikika. Ankaima pamene sitima yamutsitsira, n'kutsegula kagolosale, shopu yosokera kapena yokonzera njinga m'mphepete mwa tauni.

Pa Wenela ndiye pamene nkhaniyi imagwirika ndi manja. Dzinali ndi katchulidwe ka anthu ka zilembo za Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide. Linayamba kulemba anthu kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, linaletsedwa mu 1913 chifukwa anthu ochokera kumadera otentha ankafa kwambiri ndi chibayo m'migodimo, kenako linabwereranso m'zaka za m'ma 1930. Anzake a ku Southern Rhodesia ankadziwika ndi dzina lokoma la Mthandizi. Mnyamata wochokera kumudzi ankafika, n'kuvula malaya, kupimidwa pachifuwa ndi pa sikelo, kudinda chala pa pepala limene sankatha kuliwerenga, n'kudikira ulendo. M'zaka zapambuyo ulendowo unali wa pandege mpaka Francistown, kuchokera apo sitima mpaka Johannesburg. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobwerera kuno inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafa ali ndi katundu wawo wopita naye kumudzi. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu nthawi yomweyo. Ntchitoyo inadzayambiranso pang'ono pansi pa dzina la TEBA, anthu n'kumati ku Theba, mpaka inatheratu cha mu 1988. Bungwe linapita, dzina linatsala pa depoti. Kwa amuna zikwi zambiri, Blantyre anali chipata: malo omaliza kuona popita, oyamba kuona pobwera. Ndipo malo otere ndi amene munthu amawajambula m'mutu mobwerezabwereza akagona pa bedi la simenti m'komboni.

Ngakhale kamvekedwe ka mzindawu kanabwera m'sutikesi. Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano kufupi ndi Chileka, anakhala zaka zingapo za ubwana wawo ku Salisbury ndi makolo awo, kumene anamva kwela wa ku South Africa, nyimbo ya chitoliro chachitsulo ndi gitala. Atabwerera anayamba kuimba m'misewu ya Blantyre, ndipo ndi kumene katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anawapeza mu 1967. Ku South Africa komweko kwela anali atayamba kale kuzilala, koma kuno anamera mizu, nalowa Chichewa, nabereka magulu a anyamata oimba ndi mabanjo ndi magitala a zigubu. Lero munthu wa ku Manchester akafuna kumva Blantyre wakale amasaka nyimbo za a Kachamba, osazindikira kuti akumvera chimene ana a wapaulendo wina anabwera nacho kuchokera kunja.

Pa ndale nkhani yake ndi yodziwika, moti sifunika kuikokera. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, nabwerera mu 1900 akuona dziko la azungu a minda ndi maso ena. Mu January 1915 anthu ake anakathyola nkhokwe ya mfuti pa Mandala pomwepo. Nyasaland African Congress itakhazikitsidwa ku Blantyre mu 1944, nthambi zake za ku Salisbury ndi Johannesburg zinali zamphamvu, ndipo dokotala wina wa ku London ankatumiza ndalama ndi makalata a malangizo. Dokotalayo, Kamuzu Banda, anatera pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, akulankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Msewu waukulu wolumikiza Blantyre ndi Limbe, matauni amene anaphatikizidwa mu 1956, unanyamula dzina lake kwa zaka zambiri. Lero umanyamula la Masauko Chipembere, amene anafera ku Los Angeles mu 1975 osaloledwa kubwerera. Msana wa mzindawu wangochoka kwa mtchona wina kupita kwa mtchona mnzake.

Palinso chifukwa china, chouma koma cholemera, chimene munthu wa kunja amapezera mzinda wake mosavuta kuposa mbale wake wa ku Chilomoni. Mapepala ali kunjako. Mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, n'kutenga zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda, kotero kuti zimene abwanamkubwa ankalembera London zimapezeka bwino ku Kew, ku London komweko, kuposa kuno. Makalata a amishoni a Blantyre ali ku Edinburgh. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku Makhanda, ku South Africa. Buku lotchuka la mbiri ya Chilembwe, Independent African, la George Shepperson ndi Thomas Price, linatuluka ku Edinburgh mu 1958. Si kuti kuno kulibe kanthu: ku Zomba kuli nkhokwe ya zolembedwa za dziko, ku Chichiri kuli nyumba yosungira zakale, ndipo pamwamba pa nyumba ya Mandala pali laibulale ya Society of Malawi. Koma namwino wa ku Glasgow akhoza kukwera sitima yosakwana theka la ola n'kukaima m'chipinda chimene Livingstone anabadwira, n'kuona dzina la kwawo pa chikwangwani cha siteshoni, pamene mnzake wa pa chipatala cha Queens amadutsa pa Henderson Street zaka makumi awiri osapeza womuuza kuti Hendersonyo anali yani. Izi sizosangalatsa. Ndi chipsera cha utsamunda, ndipo tiyenera kuchitcha dzina lake.

Chotsutsa champhamvu chimachokera pomwepa. Ngati mapepala ali kunja ndi a azungu, ndiye kuti wofufuza wa kunja akupeza Blantyre wa azungu: wa Victoria Avenue, wa Ryalls, wa kalabu ndi minda ya maluwa ya ku Sunnyside. Kabula wa anthu wamba, wa amayi otcheza kachasu ndi kuphika mowa wamasese kuti ana apite kusukulu, wa ophwanya miyala ndi ogulitsa makala, sanalembedwe m'makalata opita ku Edinburgh, kupatula pamene wapalamula. Ndikuvomera theka la mfundoyi. N'zoona kuti mapu a pafoni amadziwa Glyn Jones Road ndi Hannover Avenue koma amachita chibwibwi ukawafunsa za Goliyo, Safarao kapena Chinseu. Komabe nkhokwe za atsamunda sizili zoyera mbuu monga timaganizira. Mungo Murray Chisuse, amene anaphunzira ntchito yosindikiza ku Scotland n'kudzayendetsa makina osindikizira a mishoni, anali wojambula zithunzi, ndipo zina mwa zithunzi za Chilembwe ndi banja lake zimene timazidziwa lero zinatuluka m'kamera yake. Harry Kambwiri Matecheta, mmodzi wa abusa oyamba akuda a mishoniyo, analemba m'Chinyanja nkhani za chiyambi cha Blantyre Mission. Lewis Mataka Bandawe anasiya buku la zokumbukira zake. Ngakhale lipoti la mzungu wodandaula kuti anthu akumanga nyumba mosalongosoka kuseri kwa phiri ndi umboni wakuti anthuwo analipo ndipo ankamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere kumapezeka mwa munthu amene Lamlungu lake lonse ndi lopanda maliro, chinkhoswe kapena mlendo.

Chotsutsa china n'chakuti wakunja amakonda mzinda umene unafa. Amene anachoka m'zaka za m'ma 1980 amasunga m'mutu phiri la Ndirande lodzaza mitengo, mabasi a UTM, mafakitale a ku Makata akulira usana ndi usiku, misewu yosesedwa podikira kuti Kamuzu adutse. Akatsika ndege amapeza phiri lometedwa mpala, mavenda m'makhonde a masitolo, ndi mzinda wa anthu pafupifupi 800,000 monga kalembera wa 2018 anapezera, pamene mu 1966 unali ndi ongopitirira 100,000. Amayamba kudandaula, ndipo otsala amamuyankha kuti inu munathawa, ife tinapirira. Otsalawo sakunama. Sitalaka ya pa David Whitehead mu May 1992, imene inafalikira m'misewu n'kugwedeza boma la chipani chimodzi, sinachitidwe ndi anthu a ku London; magazi anakhetsedwa ndi okhala momwemo. Amene anafukula abale awo m'matope ku Chilobwe ndi m'munsi mwa Soche namondwe wa Freddy atagumula phiri mu March 2023 anali ndi makasu m'manja, pamene akunja anali ndi mafoni. Sindikunena kuti matchona ndiwo anamanga mzinda. Ndikunena za kuuona. Wokhala pansi pa phiri mitengo imamuthera umodziumodzi, chaka ndi chaka, mpaka amaiwala kuti panali nkhalango. Wobwera patapita zaka makumi atatu amaona kusiyanako tsiku limodzi. Chithunzi chake chakalecho, chimene timachiseka, ndi muyeso. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mtchona ndi mlendo amene amadziwa pamene panali tsitsi.

Chimene chasintha m'masiku ano ndi liwiro, ndiponso amene akupita. Mtchona wakale ankadalira kalata yolembedwa ndi mnzake wodziwa pensulo, wobwera kumene kuchokera kumudzi, ndi wayilesi ya ku Lusaka imene m'zaka za m'ma 1950 inkaulutsa moni ndi nyimbo zopemphedwa m'Chinyanja. Nkhani inkafika itakalamba, ndipo ena ankangozimirira osamvekanso, n'chifukwa chake mawu akuti kutchona amamveka ngati maliro opanda mtembo. Lero mabasi a ku Joni amanyamuka tsiku ndi tsiku, atadzaza amayi ndi atsikana omwe kale ankatsala, ndipo wosewera wa Bullets akagoletsa pa Kamuzu Stadium, wa ku Cape Town amakuwa limodzi ndi wa ku Mbayani. Wina angaganize kuti mtunda watha, ndiye kuti kuonera patali kwathanso. Koma funso loyamba limene mlendo amafunsidwa ku Dublin kapena ku Durban likadali lomwe lija la m'komboni ya ku Salisbury: kwanu n'kuti? Sangayankhe kuti Zingwangwa kapena Machinjiri, chifukwa wofunsayo sakudziwako. Amati Blantyre. Mzungu wa ku Scotland amadabwa n'kufunsa ngati akunena Blantyre wa pafupi ndi Hamilton, ndipo mnyamata amene moyo wake wonse ankangoti ndikupita m'tauni amapezeka akufotokoza za Livingstone, za Kapeni ndi za Mandala, n'kuzindikira pakati pa chiganizo kuti sakudziwa chaka. Madzulo ake amaimbira agogo ake ku Chirimba, amene anapitako ku Theba, kuwafunsa kuti pa Wenela paja ankapimira anthu mbali iti.